Ulendo wa ku Joni: Tsiku Limene Agogo Anakanizidwa Kufukata Mdzukulu

Kwathu kuno ku Mangochi nkovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake ku Joni. Mukayenda kuchokera ku Makanjira kudzera ku Malindi, kapena kukwera phiri la Chowe mpaka ku Namwera ndi ku Katuli, nyumba zambiri za malata zimene mumaona zinamangidwa ndi ndalama ya Randi. Anthu akamabwera kumeneko amatitengera njinga, mafiriji, mabulangete ndi mafoni. Ife titapitako mu August 2024 tinabwerako ndi katundu amene anaseketsa anthu pa depoti, ndipo nkhani ya katunduyo ndi imene tafuna kukambirana nanu m'kope lino.

Mng'ono wathu wakhala ku Johannesburg zaka 9. Amagwira ntchito m'sitolo ina ku Fordsburg ndipo amakhala ku Lenasia. M'mwezi wa March chaka chimenecho mkazi wake anabereka mwana wamkazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayi athu sanapezenso mtendere. Zithunzi za pa foni sizinawakwanire. Ankati mdzukulu samudziwira pa galasi, amamudziwira pa fungo. Popeza sakanatha kuyenda okha ulendo wa m'maiko atatu a eni, sukulu zitatsekera tinanyamuka nawo.

Njira ya makilomita oposa 1,800

Basi inachoka pa Boma kukucha. Tinadutsa Ulongwe ndi Liwonde, ndipo masana tinali pa chipata cha Mwanza. Kuseri kwake ndi Zobue, dziko la Mozambique. Kuchokera pamenepo msewu umatsetsereka kulowera ku chigwa cha Zambezi, ndipo kutentha kwa ku Tete kumaposa kwathu ku nyanja. Mayi anakondwa kuona milambe yambiri m'mbali mwa msewu, nati dziko ili ndi lachibale. Tinaoloka Zambezi dzuwa litapendeka, madzi ali phee, otambalala kangapo kuposa Shire wa pa mlatho wathu. Usiku unatipeza pa Nyamapanda polowa mu Zimbabwe. Harare tinamudutsa anthu ambiri ali m'tulo, kenaka Masvingo, ndipo tsiku lachiwiri tinafika pa Beitbridge, pamene mlatho wa pa Limpopo umalumikiza Zimbabwe ndi South Africa. Apa mizere ya anthu ndi ya malole imakhala yaitali, ndipo munthu amaphunzira kudekha.

M'basimo munali ana aang'ono osachepera asanu. Mayi wina wachitsikana amene anakhala kutsogolo kwathu anafukata khanda lake masiku awiri onsewo. Mwana wina wa zaka zitatu anamuyalira chitenje pa zikwama m'kanjira ka pakati, nagona pomwepo. Winanso ankaimirira pa mpando nkumasuzumira pa windo. Kunena zoona, palibe chimene tinaonapo chachilendo. Ndi m'mene timayendera tonse, ndipo ifenso ana athu tawayendetsa chomwecho kuyambira ali makanda.

Kuchokera ku Musina msewu wa N1 umakwera pang'onopang'ono kudzera ku Polokwane ndi Pretoria. Mangochi ali pa mtunda wa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Johannesburg ali pa mamita oposa 1,700. Nchifukwa chake titatsika pa Park Station m'mawa wa tsiku lachitatu, mphepo inatilasa m'mafupa ngakhale dzuwa linali litatuluka.

"Mwanayu walakwa chiyani?"

Mng'ono wathu anabwera kudzatichingamira ndi galimoto yake yaing'ono, pamodzi ndi alamu athu ndi khandalo. Titapatsana salaamu, mayi analanda mwanayo asanapereke ndi moni womwe kwa mpongozi wawo. Anamununkhiza, namuitana ndi dzina la malemu mayi awo, misozi ili chuchuchu. Katundu atalowa mu buti, analowa m'galimoto mwana ali pachifuwa. Pamenepo mng'ono wathu anagwada pa chitseko nanena motsitsa mau:

"Amayi, pepani, ndipatseni kaye ndimuike pampando pake."

Pa mpando wakumbuyo panali kampando kena konga chikwatu, kokhala ndi malamba akeake, ndipo kanayang'ana kumbuyo kwa galimoto. Anamugoneka mwanayo m'menemo, nadutsitsa malamba pa mapewa onse awiri, m'chiuno ndi pakati pa miyendo, nakoka mpaka anathina. Kenaka anamufunditsa bulangete pamwamba.

"Iwe, mwanayu walakwa chiyani kuti um'mange ngati mbuzi yopita ku msika?" anafunsa mayi. "Ndabereka ana asanu ndi awiri ine, iwe wemwe m'kati. Ndi uti amene ndinamugwetsapo?"

"Palibe, Amayi. Tikafika kunyumba mumunyamula mpaka mikono iwawe. Koma galimoto ikamayenda, malo ake ndi amenewa."

Alamu anangoweramitsa mutu. Mayi anatenga phukusi la mpunga wa Kilombero limene anakana kuti lipite ku buti, naliika pamiyendo pamene panayenera kukhala mdzukulu, nayang'ana kunja osalankhulanso. Ifenso mumtima tinamuweruza mnyamatayo. Tinati zaka 9 za m'tauni zamuiwalitsa ulemu, ndipo tinakonza zoti madzulo tikam'khazike pansi.

Lenasia ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda. Boma la tsankho linakhazikitsa malowa m'zaka za m'ma 1950 kuti kuzikhala Amwenye okhaokha, koma lero kuli mitundu yonse, ndipo Chiyao ndi Chichewa mumazimva pa khomo la mzikiti ndi m'misika. Panjira mumaona zitunda zachikasu za dothi lochokera m'migodi ya golide, amene anapezeka mu 1886 nabala mzinda wonsewu. M'migodi imeneyi ndi m'mene agogo athu ankagwira ntchito pa nthawi ya Wenela. Misewu yake ndi ya mizere itatu kapena inayi mbali imodzi, ndipo m'malo ambiri lamulo limalola liwiro la makilomita 120 pa ola.

Tili pa msewu wotere, minibasi imene inali patsogolo pathu inangoti khotu kulowa mu mzere wathu nkuchepetsa liwiro mwadzidzidzi. Mng'ono wathu anaponda mabuleki mpaka matayala analira. Lamba anatigwira pachifuwa ngati dzanja la munthu wamphamvu. Kumbuyo tinamva kuti phi! Phukusi la mpunga lija linali litachoka m'manja mwa mayi nkumenya kumbuyo kwa mpando wathu, ndipo mpunga unali mbwee pansi. Sitinagunde kanthu. Mwana anangotsegula maso, nayasamula, nagonanso.

Mayi anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Tikuyandikira kunyumba anati, "Ndinaligwiratu ndi manja awiri." Phukusilo linali la makilogalamu 5. Mdzukulu wawo anali wa makilogalamu 7.

Chimene chimachitika galimoto ikagunda

Madzulo sitinam'khazikenso pansi mng'ono wathu. Ndiye amene anatikhazika ife, ndipo zimene anatiuza tinazitsimikiza pambuyo pake powerenga. Tiyesa kuzifotokoza mwachidule.

Galimoto ikamathamanga, chilichonse chili m'katimo chimathamanga pa liwiro lomwelo. Ikaima mwadzidzidzi, chimene sichinamangidwe chimapitirira ulendo mpaka chitamenya kanthu. Kugunda khoma kapena mtengo pa liwiro la makilomita 50 okha pa ola kumafanana ndi kugwa kuchokera pa mtunda wa mamita 10, ngati pamwamba pa nyumba ya nsanjika zitatu. Dalaivala akaponda mabuleki mwamphamvu, katundu amakokedwa ndi mphamvu yosaposa kulemera kwake, komabe mayi athu analephera kugwira mpunga uja chifukwa zinawadzidzimutsa. Tsono pa ngozi yeniyeni mphamvuyo imachuluka ka 20 kapena ka 30. Mwana wa makilogalamu 10 amasanduka katundu wa makilogalamu 200 mpaka 300, ndiye kuti matumba a chimanga anayi mpaka asanu ndi limodzi. Palibe mayi, palibe bambo, palibe msodzi wokoka khoka amene angagwire katundu wotere ndi mikono. Choopsa china nchakuti ngati wofukata mwanayo sanamange lamba, thupi lake limatsatira pambuyo nkumufinyira mwanayo ku mpando wakutsogolo. Kuzunguliza lamba mmodzi pa mayi ndi mwana pamodzi nakonso kumapha, pakuti mwana amapanikizika pakati pa lamba ndi mayi ake.

Nanga bwanji kampandoko kamayang'ana kumbuyo? Thupi la khanda silili ngati la munthu wamkulu lochepetsedwa. Mutu wa khanda umalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lonse, pamene khosi lake ndi lanthete ndipo mafupa ake sanakhwime. Amayi amadziwa zimenezi kale, nchifukwa chake amachirikiza mutu ponyamula khanda. Ngozi zambiri zoopsa zimagunda chakutsogolo. Mwana akayang'ana kutsogolo, malamba amagwira thupi koma mutu umaponyedwa nkukoka khosi, ndipo mtsempha wa mumsana ukhoza kuduka. Akayang'ana kumbuyo, mutu, khosi ndi msana zimakankhidwira pamodzi m'chikwatu cha mpando, ndipo mphamvu ya ngozi imamwazikira msana wonse.

Nzeru imeneyi inachokera ku Sweden. Dokotala wina, Bertil Aldman, anaona m'mene anthu opita kuthambo amagonera chagada mu roketi kuti matupi awo apirire mphamvu ya ponyamuka, ndipo mu 1964 anapanga mpando woyamba wa mwana woyang'ana kumbuyo. M'dziko lomwelo, mu 1959, injiniya wa kampani ya Volvo, Nils Bohlin, anali atapanga lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene ali m'galimoto zathu zonse lero, ndipo kampaniyo inalola ena onse kumukopera kwaulere. Ku Sweden makolo ambiri amayendetsa ana atayang'ana kumbuyo mpaka zaka pafupifupi 4.

Mwana wamkulu wa mng'ono wathu, wa zaka 6, ali ndi mpando wa mtundu wina. Uwu ulibe malamba akeake, ntchito yake ndi kumukweza m'mwamba kuti lamba wa galimoto amukwane. Lamba anapangidwira munthu wamkulu. Pa mwana wamfupi, wa m'chiuno amakwera pamimba ndipo wa paphewa amadutsa pakhosi. Ngozi ikachitika, lambayo amavulaza matumbo, chiwindi ndi msana. Mwana akakwezedwa, lamba amagona pa mafupa a m'chiuno ndi pakati pa phewa, malo olimba. Volvo inatulutsa chokhalira chotere mu 1978. Mwana amachisiya akafika msinkhu wa masentimita 135 mpaka 150, ndipo ambiri amafika pamenepo ali ndi zaka 10 kapena 12.

Mu lipoti lake la 2023, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo kuti kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe chimene chimapha kuposa msewu. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye amataya ambiri ngakhale ali ndi galimoto zochepa. Bungwe lomwelo limati mpando wa mwana womangidwa bwino ungathe kuchepetsa imfa za makanda ndi 71 pa 100 aliwonse. Ku South Africa, kuyambira mu 2015, lamulo limakakamiza dalaivala kuika mwana wosakwana zaka 3 mu mpando wake, ngakhale kuti silikhudza mabasi ndi minibasi zonyamula anthu olipira. Komabe tisakunamizeni: masabata atatu amene tinakhalako tinaona ana ambiri ataimirira pakati pa mipando yakutsogolo monga kwathu komwe. Lamulo palokha silimanga lamba.

Masiku otsatira mayi anaphunzira okha kum'manga mdzukulu. Anaphunzira kuti malamba azithina mpaka zala zilephere kuwatsina, kuti asapotoke, ndiponso kuti juzi yochindikala kapena bulangete zisakhale pansi pa malamba chifukwa zimasiya mpata. Anaphunzira kuti mpando wa khanda uzipendekera chagada pang'ono kuti mutu usagwere pachifuwa nkutseka mpweya. Tsiku limene tinapita ku Oriental Plaza kukagula nsalu, ndi iwo amene anadzudzula mwana wawo kuti malamba aja walekerera.

Nanga kwathu kuno?

Ena mwa inu mukuti, "Izo nza ku Joni. Ife galimoto tilibe, ndipo tsiku likakwana lakwana basi." Zoonadi palibe amene amadziwa tsiku lake. Koma tonse timagoneka ana mu neti, timatseka chitsime, ndipo timawaletsa kusamba pa dooko pamene paoneka ng'ona. Palibe amene amati kutero ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Ana ndi amana imene tinasungitsidwa, ndipo msewu ndi ng'ona ya masiku ano. Tsoka silinunkha.

Galimoto nazo zachuluka. Ma Sienta, ma Vitz ndi ma Probox ochokera ku Japan adzaza pa Boma, ku Monkey Bay ndi ku Namwera, ndipo ambiri ndi a abale athu omwe. Inu amene muli nazo, lowetsani dzanja mu mpata wa pakati pa chokhalira ndi chotsamira cha mpando wakumbuyo. M'galimoto zambiri za ku Japan zopangidwa kuyambira mu 2012 mupezamo tizitsulo tiwiri totchedwa ISOFIX. Ntchito yake ndi kukolekapo mpando wa mwana. Ngati mulibe, mipando yambiri imamangidwanso ndi lamba wa galimoto, ndipo ukamangidwa bwino suyenera kugwedezeka kupitirira masentimita awiri ndi theka. Pogula, funani chizindikiro cha mtundu wa lalanje chokhala ndi chilembo E m'kati mwa kabwalo ndi nambala R44 kapena R129, umboni wakuti mpando wa mtundu umenewo unayesedwa. Wa pa kaunjika muuyang'anitsitse. Ngati uli ndi mng'alu, malamba othetheka kapena chomangira chosagwira, usiyeni, ndipo umene unakhalapo pa ngozi ntchito yake inatha. Musaike konse mpando woyang'ana kumbuyo pa mpando wakutsogolo pamene pali thumba la mpweya lija limaphulika pa ngozi, chifukwa limatuluka pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola nkumenya pamene pali mutu wa mwana. Ndipo ndi dzuwa lathu la October, khudzani kaye chitsulo cha lamba musanam'khazike mwana, komanso musamusiye yekha m'galimoto yotseka ngakhale mphindi zochepa.

Ife ambiri amene timayenda pa minibasi ndi pa matola, mpando wotere sitingaupeze, koma pali zimene tingathe popanda tambala. Mayi wa khanda akane mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala ngakhale kondakitala aunene kuti ndi waulemu, pakuti pamenepo mwana ali pafupi ndi galasi. Asakhale pa khomo. Asatsamire mpando mwana ali kumsana. Pamene pali lamba, mayi adzimange yekha mwana ali kunja kwa lambayo, kuti thupi lake lisakhale lophwanya mwana. Mwana wamkulu akhale kumbuyo ndipo amange lamba, pakuti ngakhale wosamukwana bwino amaposa kukhala wopanda. M'mphepete mwa chitseko chakumbuyo muli kabatani koletsa mwana kutsegula ali m'kati, kagwiritseni ntchito. Popita ku ukwati, ku ziyara kapena ku maliro, tisaunjike ana kumbuyo kwa lole kapena pikapu, ndipo ife aphunzitsi tikhale oyamba kukana zimenezi pa maulendo a ana a madrasa. Pa njinga yamoto ya kabaza, mwana wokhala pa thanki ndiye amayamba kufika pansi. Ndipo dalaivala akamathamanga pa Chowe kapena podutsa pa msika, tilankhule. Talipira kuti tikafike.

Katundu wathu

Tsiku lonyamuka, mng'ono wathu anafunsa mayi chimene akufuna awagulire. Tinkayembekeza kuti anena bulangete. Iwo anati akufuna mpando ngati uja, wa mwana wa mlongo wathu amene mwamuna wake amayendetsa Sienta pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Watsopano mtengo wake si wamasewera, koma anapeza wabwino kwa mnzake wa ku ntchito amene mwana wake anali atakula, ndipo ankadziwa kuti sunakhalepo pa ngozi.

Titatsika pa Boma, anyamata otsitsa katundu anaupereka m'manja uku akuseka. Wina anafunsa ngati ndi chishalo cha bulu. Mlamu wathu wa Sienta naye anadandaula kuti mpandowo ukudya malo a munthu mmodzi wolipira, ndipo anagwirizana kuti uzilowa m'galimoto pokhapo pamene mwana akukwera. Mayi sanatsutse, koma tsiku lililonse limene mdzukuluyo akupita ku sikelo, amaima pa chitseko mpaka ataona kuti malamba athina.

Inu amene muli ndi abale ku Joni, akadzakufunsani chimene akutengereni pa Eid ikubwerayi, ndipo pakhomo panu pali galimoto ndi mwana wamng'ono, mudzakumbukire mpunga wa mayi athu. Tikumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.